Dzina la Alberto pa ntchito ya Nilton

Nilton ndi mwana wa Zulmira, mkazi wosadziwa ulesi, ndi bambo Alberto, amene ulesi unawadziwa kalekale. Ana a Nilton ndi Rosa ndi Hélder, ndipo nzeru za onse atatu zinachokera kuchikazi.

Banjali litabwerera ku Tete kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, bambo Alberto anapeza ushefi, ubwana tinene, pa kabungwe kena ku Matema, dera lina la mumzindawo. Azungu anapereka makompyuta akale, Nilton nkuikamo Linux, pulogalamu yaulere imene aliyense amaloledwa kuikonza. Koma modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku lamya, kankadula lamya ikangochita phokoso pang'ono. Ndiye lamya za ku Tete masiku amenewo, phokoso lake ngati msika.

Miyezi itatu Nilton ali pa mpando, thukuta kamukamu, akukonza dalaiva, kapulogalamu kamene kamauza modemu zochita. Anakaphunzitsa kupirira. Makalata a pakompyuta anayamba kupita.

Anafuna kutumiza ntchitoyo kwa osamalira Linux kunja, kuti dzina lake lilembedwe m'menemo, poti malipiro ake ndi omwewo.

"Chotuluka muofesi muno chimasainidwa ndi shefi," anatero bambo ake. "Sindiwo mwano, ndi lamulo."

"Ababa, mukudziwa n'komwe zimene mukusainazo?"

"Iwe, unabadwa ndikudziwa zimene udzakhale? Koma dzina ndinakupatsa."

Bambo Alberto anasindikiza ntchitoyo papepala, nkumenyapo karimbu, chidindo cha muofesi, kenaka analamula Nilton kuti alembe Alberto pakompyutapo. Munthu wongodziwa poyatsira kompyuta anasanduka katswiri wodziwika kutsidya kwa nyanja. Kwawo ku Degue konse anamva, poti analengeza okha.

Anaiwala chimodzi: mwini dzina ndiye amafunsidwa. Makalata anayamba kugwa, wina wa ku Brazil modemu yake yakana, wina akufunsa za mzere wa makumi anayi wa dalaivayo. Katswiri anawerenga atavala magalasi, anawavula, anawavalanso.

"Nilton, mwanawe, tawayankha anzakowa."

"Anzanu, Ababa. Akulembera inu."

"Usandichititse manyazi pamaso pa dziko."

"Auzeni osamalira Linux kuti analemba ndine, asinthe dzinalo. Ndi mzere umodzi basi."

"Yankha kaye. Zimenezo tiona Lolemba."

Nilton anayankha, chifukwa Zulmira anamulera bwino mopitirira muyeso. Amayankhabe, pansi nkulemba Alberto. Rosa wayamba sukulu, Hélder wamera mano onse, koma Lolemba la bambo Alberto silinafike.