A Rafaelo ndi Mimba ya Batani

A Rafaelo Dziwani anasoka zovala kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri pakhonde la sitolo ina pa Bembeke. Mayunifolomu a ana asukulu, malaya a kwaya, masuti a ukwati, zonsezi zinkadutsa pamakina awo. Amuna ambiri a kuno amene lero ali ndi zidzukulu anakwatira atavala jekete ya a Rafaelo, ndipo ena mpaka pano amadandaula kuti mkono umodzi unali wautali. A Rafaelo amati wautali unali mkono wa munthuyo.

Maso atayamba kuchita chidima, ulusi osalowanso pasingano, anabwerera ndi makina awo kumudzi n'kuwaphimba ndi nsalu. Anatha miyezi inayi akungozungulira pabwalo, kuwerenga nkhuku za akazi awo a Hellen, ndi kuwalangiza kapaliridwe ka kachewere, ntchito imene mayiwo anayamba ali mtsikana. Tsiku lina a Hellen anaimbira foni mwana wawo Linda, amene amagwira ntchito ku Lilongwe.

"Bambo akowa uwapezere chochita," anatero. "Apo ayi, ubwere udzawatenge."

Linda anatumiza nkhosa zitatu pa lole yobwerera kokasiya kabichi: zazikazi ziwiri ndi yamphongo imodzi. Kuno timaweta mbuzi ndi nkhumba. Nkhosa ambirife timangozimvera kutchalitchi. Choncho mudzi wonse unabwera kudzaona. A Rafaelo anazipatsa mayina pomwepo: zazikazi Khaki ndi Nayiloni, yamphongo Jinzi.

Mu Julayi, nthawi ya chisanu chija nkhungu imakhala mpaka masana, Khaki anaswa mapasa. Wamwamuna anamutcha Batani, wamkazi Zipi. Masabata oyamba zonse zinali bwino. Koma pofika kumapeto kwa Ogasiti udzu unali utauma, wina utapsa ndi moto wa osaka mbewa, ndipo Khaki anaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Ana akati ayamwe, iye ankangowakankha n'kuchokapo. A Rafaelo, amene tepi yawo yoyezera sinkachoka m'khosi ngakhale atasiya kusoka, ankayeza chifuwa cha mwana aliyense m'mawa uliwonse. Sabata yathunthu manambala sanasunthe.

Munthu wanjala mumatani naye? Mumampatsa chakudya. Umo ndi mmene anaganizira a Rafaelo. A Hellen atapita kudimba, iwo anatapa madeya a nkhuku beseni lathunthu, n'kuthiramo phala la soya lotsala m'mawa, n'kuika pamaso pa anawo. Zipi ananunkhiza, ananyambita pang'ono, n'kuchokapo. Batani ndiye analowetsa mutu wonse. Anadya mpaka beseni kuwala, a Rafaelo akumuwombera m'manja.

Mawa lake m'mawa Batani sanatuluke m'khola. Anali ataima miyendo tang'a, mutu pansi, akupuma mwabefu. Mimba yake, makamaka mbali ya kumanzere, inali itatupa, ndipo a Rafaelo ataigogoda ndi chala inalira ngati ng'oma. Anaizunguliza tepi.

"Mayi a Linda, yakwera ndi mainchesi anayi!"

"Nanga si mumafuna anenepe?" anayankha a Hellen. Koma atamuona mwana wa nkhosayo anasiya nthabwala. "Thamangani kwa alangizi, bambo. Afa uyu. Za madeya anga tikambirana mukabwera."

Panjinga panalibe dengu, ndipo pakaliyala Batani sakanakhala. A Hellen anavula chitenje chapamwamba, n'kumubereketsa kumsana kwa amuna awo, n'kumanga mfundo pachifuwa. A Rafaelo anapalasa chomwecho mtunda wonse wopita ku Bembeke. Amayi ochokera kuchigayo ankapatuka mwaulemu n'kumati, "Pepani agogo, kodi wadwala mdzukulu?" Iwo ankangogwedeza mutu, mpaka pamene mdzukuluyo analira kuti mee. Nkhani imeneyi inafika kumudzi iwo asanabwerere.

Ku ofesi ya zaulimi anapeza mlangizi wa ziweto, mayi Susan Tisunge, akukonzeka kukwera njinga yamoto. Mayiwo sanaseke, ngakhale milomo inkaoneka kuti ikuvutika. Anamuika Batani miyendo yakutsogolo pamwamba pa sitepe, anamumwetsa mafuta ophikira pang'ono ndi madzi a soda, kenaka anayamba kumusisita mbali yotupayo. Panapita nthawi. Mwadzidzidzi Batani anageya mwamphamvu moti mlonda anasuzumira pazenera. Anageyanso, mimba n'kuyamba kuphwa.

"Munamupatsa chiyani, bambo?" anafunsa mayi Tisunge.

"Madeya pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

A Rafaelo anaonetsa ndi manja. Manjawo ankangotalikirana okha.

Mayi Tisunge anawakhazika pabenchi n'kuwafotokozera. Nkhosa ili ndi mimba ya matumba anayi. Mwana akangobadwa, thumba limene limagwira ntchito ndi limodzi, la mkaka. Thumba lalikulu, logaya udzu ndi madeya, limakhala laling'ono ndipo limakula pang'onopang'ono mwanayo akamatola timaudzu ndi tizakudya touma. Mukalidzaza kamodzin'kamodzi, chakudyacho chimasasa m'katimo ngati mowa wa masese, mpweya n'kusowa potulukira.

"Ndiye kuti ndinathira katundu m'thumba losamaliza kusoka," anatero a Rafaelo.

"Mwamva msanga kuposa alimi ena onse," anatero mayiwo. "Maganizo anu anali abwino. Anawa akufunikadi chakudya chowonjezera, poti mkaka wachepa. Koma muyambe ndi kadzanja kamodzi patsiku: madeya, soya wokazinga wopera pang'ono, ndi kamchere. Sabata iliyonse muziwonjezera pang'ono. Masamba ouma a nyemba asasowe, madzi oyera asasowe. Ndipo mayi wawonso muzimupatsa zake payekha. Mukadzawaona anawo atagona pansi akubzikula, mudzadziwe kuti thumba lija layamba ntchito."

Anawauzanso kuti amange kakhola kakang'ono m'kati mwa khola, ka khomo lopapatiza loti ana okha ndiwo azilowa, kuti zikuluzikulu zisamawalande chakudya. Ntchito imeneyi a Rafaelo anaigwira ndi mtima wonse. Anadula nsungwi, anayeza ana, anayeza mayi, anasiya mpata wa mainchesi asanu ndi atatu. Anangoiwala kuti mutu wa nkhosa ndi wochepa kuposa chifuwa chake. Tsiku loyamba lomwelo Khaki analowetsa mutu, anadya chakudya chonse cha ana ake, n'kukanirira pomwepo. Anachita kumukoka anthu awiri, a Rafaelo ndi mnansi wawo a Dominiko, amene anaseka mpaka kukhala pansi m'ndowe. Mawa lake chodyeramo chinasunthidwa kupita kutali ndi khomo.

Kuyambira pamenepo a Rafaelo anasanduka munthu wina. Madeya ankayeza ndi kachitini ka tomato, n'kusalaza pamwamba ndi mpeni. Soya ankakazinga okha, chinthu chimene sanachitepo m'zaka zonse za banja lawo. Ankagwada m'khola n'kugunditsa khutu pamimba ya Batani kumvetsera kulira kwa m'kati. Ndowe ankaziyang'anitsitsa, ndipo alendo obwera kudzacheza ankayamba amva kaye ngati zinali zolimba kapena zamadzi asanapatsidwe mpando.

Batani anatsekula m'mimba masiku atatu, kenaka anachira, koma anakhala wamantha ndi beseni. Woyamba kubzikula anali Zipi. Linali Lachiwiri masana, a Hellen akuchapa kuseri kwa nyumba, pamene anamva mfuu.

"Mayi a Linda! Bwerani msanga!"

Anathamanga thovu lili m'manja, akuganiza kuti kwalowa njoka. Anapeza amuna awo atanjuta pakhomo la khola, chala chili pamlomo. Zipi anali atagona pamthunzi, maso ali tsinzi, chibwano chikuyenda uku ndi uku.

"Mwandiitanira kuti ndidzaone nkhosa ikutafuna?"

"Sikutafuna wamba kumeneko. Taonani pakhosipo, chabwerera chokha."

A Hellen anaima pomwepo nthawi yaitali ndithu kuposa mmene amavomerera akamasimba nkhaniyi. Batani anatsatira patapita masiku asanu ndi limodzi.

Mvula yoyamba itagwa, ana onse awiri anali onenepa, ubweya wosalala, ngakhale Batani sanamupeze mlongo wake msinkhu. Anthu amene ankaseka anayamba kubwera mmodzimmodzi, madzulo dzuwa likupendeka, ngati akungodutsa, n'kumafunsa ngati kakhola kotere kangathandizenso ana a mbuzi. A Rafaelo amawayankha motalika kwambiri, moti wofuna kufunsa amayamba wadya kaye kwawo.

Batani atakula anayamba kumenyana ndi Jinzi, ndipo zinaonekeratu kuti amphongo awiri sangakhale khola limodzi. A Hellen anatchulapo za ndiwo za Khirisimasi. A Rafaelo sanadye tsiku limenelo. Pomaliza anamupereka kwa mlamu wawo a Petulo wa ku Mayani, amene ankafuna kuyamba kuweta nkhosa. Tsopano mwezi uliwonse amavala jekete, n'kukwera minibasi, ati kukazonda alamu. A Petulo akuti moni amalandira a Rafaelo ali kale kukhola, ndipo za umoyo wawo amafunsidwa potsanzikana, mlendoyo akakumbukira.