Bakuli Langa la Maluwa Ofiira

Ine ndinabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, makolo anga anali a ku Dedza, ndipo imvi zikundimerera ku Mabopane, kuno ku Joni. Munthu akandifunsa kuti kwanu n'kuti, ndimangomuuza kuti kwathu ndi m'takisi. M'mawa ndimakwera kupita ku Menlo Park kukachapa ndi kusita kwa madamu anga, madzulo n'kubwerera ku kachipinda kanga kuseri kwa nyumba ya mastende, eni malo amene ndimachita lendi. Mastendewo ndi mayi wobadwira ku Joni konkuno, koma bambo awo anachokera ku Nkhotakota nthawi ya migodi. Chichewa chawo n'chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chisutu, koma mtima ndi wa kwathu.

Matenda a kolona atadutsa, anthu athu ambiri anapezeka alibe ntchito. Njala ya ku Joni siioneka msanga, chifukwa munthu amasitabe malaya ake n'kupaka mafuta kumaso. Ine ndinaionera ku tchalitchi. Bambo wina wa kwaya anakhala pansi nyimbo ili mkati, thukuta lili kamukamu, ndipo titamuthamangira anati ndi kutentha. Kutentha mwezi wa Juni! Ine mtima wanga ndi wapachala, zimenezo amandidziwa. Pa msonkhano wa amayi ndinaimirira n'kunena kuti, "Amayi, tikuimba aleluya m'mimba mwa anzathu mukulira. Kodi Mulungu akumva nyimbo iti?"

Ena anang'ung'udza, koma mastende anati, "Eish, zoona. Bwalo langa lilipo, chitofu cha gasi chilipo." Basi tinayambira pamenepo. Achimwene ena ogulitsa masamba pa renki ya matakisi anayamba kutisungira kabichi ndi matimati ofewa amene makasitomala amawanyoza. Mwini butchala, munthu wa konkuno amene sindinkamupatsa ndi moni womwe, ankatipatsa mafupa ndi mapazi a nkhuku. Madamu anga nditawafotokozera sanafunse zambiri, anangoyamba kuika mpunga ndi nyemba m'chikwama changa Lachisanu lililonse. Anthu amenewa ndimawathokoza mpaka lero, ndipo ndikamapemphera sindiwadumpha.

Poyamba tinaika tebulo pa geti. Ana a m'dera ankabwera, anyamata ogona ku renki ankabwera, n'kudya bwinobwino. Koma anthu athu amene tinayambira zonsezi, ng'o! Mmalawi afole pa mzere ndi mbale m'manja anansi akumuona? Bola afe. Ndiye tinagwirizana kuti kwa anthu athu tizichita monga timachitira kwathu: kupereka chakudya pakhomo, ngati mnansi amene waphika ndiwo zabwino n'kukumbukira mnzake. Wina anati tigule timapulasitiki totaya tija. Ndinakana kwamtuwagalu. Munthu wamkulu sapatsidwa chakudya m'pulasitiki. Aliyense atulutse mabakuli ake a alendo, ndipo atenge makomo angapo akhale ake.

Ine khomo limene linkandidetsa nkhawa linali la achemwali ena a ku Ntcheu, okulirapo kuposa ine, amene ankakhala okha mu mkhukhu, kanyumba ka malata kumunsi kwa msewu wathu. Anagwira ntchito ya m'nyumba ku Montana, konkuno ku Joni, zaka zambiri, mpaka mabwana awo anasamukira kunja. Kenako anawapeza ndi chifuwa chachikulu. Ku kiliniki anawauza momveka kuti mapiritsiwo amafuna chakudya m'mimba, ndipo akawasiyira panjira matendawo abwerera mwaukali. Mwana wawo ali ku Malawi ndipo sanamuuze chilichonse. Anali mayi wamtali, waukhondo, duku lili chilili. Ukawafunsa kuti mwadya, yankho linali limodzi: "Ndadya kale, zikomo."

Ndinawasankhira bakuli langa la maluwa ofiira, limene amayi anga anandipatsa ndikuchoka pa famu. M'mawa popita ku takisi ndinkagogoda, n'kuwapatsira pakhomo, n'kuthamanga. Madzulo ndinkalipeza pakhomo panga, lotsukidwa bwino, muli kanthu. Kwathu mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu. Amayi anga ankati ngakhale kamchere kapena mtedza wodzaza dzanja, bola isabwerere ikulira. Ndiye nditapeza matimati awiri m'bakulimo ndinasangalala. Tsiku lina munali kandulo, lina machesi, lina kachidutswa ka sopo. Ndinkachita kuwaonetsa anzanga kuti taonani, amenewa ndiye anthu oleredwa.

Pakupita kwa masabata zinthu zinasintha. Munayamba kubwera supuni, kapu, kansalu kapatebulo kopeta bwino. Masiku ena bakuli linkabwera lolemera monga linapitira, chakudya osachikhudza, ndipo ndikafunsa ankati, "Pepani achemwali, ndinali nditadya kale." Ine magazi ankawira. Ndadzuka m'mamawa kuphika, wina n'kumandibwezera? Ndinkalalata pa bwalo kuti anthu a ku Ntcheu kunyada.

Loweruka lina tikusenda anyezi, ndinatsegula bakuli la dzulo lake pamaso pa mastende. Munali chitenje chopindidwa bwino, chabuluu. Mastende anasiya mpeni, n'kuchitambasula, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Chitenjechi si chija amavala ku tchalitchi?" anafunsa.

"Ndi chomwecho."

"Ndiye chemwali, tandiuzani. Mayi ameneyu mukumudyetsa kapena mukumuvula?"

Mayo ine! Zonse zinangobwera pamodzi: matimati, kandulo, kapu, chitenje. Masiku amene chakudya chinkabwerera anali masiku amene analibe choikamo. Ndipo tsiku losadya linali tsiku losamwa mankhwala. Ife ndi ulemu wathu wa mabakuli tinkawakokolola nyumba, kwinaku tikudzitama.

Ndinapakula mpunga, nyemba ndi mapazi a nkhuku, n'kupanira chitenje m'khwapa, ulendo kumunsi. Ndinati odi kamodzi kokha n'kukankha chitseko. Anali atagona pa matiresi, duku lili pambali, ndipo aka kanali koyamba kuwaona mutu uli pamtunda. Pakhoma panali misomali yokhayokha pamene pankakhala makapu. Mapiritsi anali pa kireti, m'kathumba kawo, ochuluka kuposa mmene anayenera kukhalira.

"Achemwali, n'chiyani chimenechi?" ndinakuwa, ndikugwedeza chitenje. "Ndani anakuuzani kuti ndatsegula shopu? Mukufuna mufere muno tidzavutike ndi kutumiza maliro ku Ntcheu?"

Anadzuka pang'onopang'ono n'kumanga duku lawo kaye asanandiyankhe. Mawu awo anali otsika.

"Ndiye mumafuna ndizibweza mbale yopanda kanthu ngati wopemphetsa? Amayi anga sanandilere choncho. Inunso amayi anu sanakulereni choncho."

"Manyazi anapha lambe, achemwali!"

"Aphe," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Ankanena zoona. Chikhala ine, ndikanachita chimodzimodzi. Ndinali nditaimirira pa moto kuyambira m'mawa osalawa kanthu. Ndinakoka kireti ina n'kukhala, bakuli pamiyendo, n'kuvundukula.

"Chabwino. Poti inu mwadya kale, ine ndidya ndekha pompano. Sindibwerera nacho."

Sindinganame kuti ndinali ndi nzeru ina iliyonse, anali makani chabe. Koma nditangotambasula dzanja ndinamva matiresi akulira.

"Iii, mudya osasamba m'manja? M'nyumba mwanga?"

Anadzuka akugwira khoma, n'kutunga madzi m'ndowa ndi kachitini ka majarini, chifukwa kapu inali itapita kale kwa ine. Anagwada, mayi wodwala uja, n'kundithirira madzi m'manja monga amachitira ndi mlendo. Misozi inafuna kutuluka koma ndinaibweza. Nditasamba ndinatenga kachitiniko n'kuwalozetsa m'manja mwawo.

"Tsono ine mlendo ndidye ndekha eni nyumba akundiyang'ana? Kumeneko ndi ku Ntcheu?"

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso. Kenako anatambasula manja. Anapemphera mwachidule, ndipo tinayamba kudya m'bakuli limodzi. Iwo ankatola pang'onopang'ono m'mbali mwawo, mwaulemu, koma posakhalitsa ulemu unatha. Ine ndinkangoseweretsa phazi limodzi la nkhuku n'kumakankhira nyemba mbali yawo, iwo n'kumachita ngati sakuona. Titamaliza ndinawapatsira kathumba ka mapiritsi, ndipo anameza ndikuona. Ndinavundikira bakuli langa n'kuimirira nalo. Anatsegula pakamwa, maso akuyendayenda m'nyumba kufuna choikamo.

"Mwini mbale wadya nawo, ndipo akupita nayo yekha," ndinatero. "Mbale imene sinatsale kwanu mubweza bwanji?" Chitenje ndinachikoleka pa msomali. "Ichi chikundikalambitsa, sichikugwirizana ndi khungu langa."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Nditafotokozera anzanga, aliyense anagwira pakamwa. Wina anali atalandira mabatire a wailesi kwa agogo ena, wina lamba wa thalauza. Tonse tinkangoti anthu athu ndi aulemu. Kuyambira pamenepo tinasintha kachitidwe, ndipo mpaka lero ndi mmene timachitira: chakudya sitisiya pakhomo. Timalowa, timakhala pansi, timadya nawo, n'kunyamula mbale yathu. Zimatenga nthawi, ndipo amayi a gulu lathu tonse tanenepa, moti achimwene a masamba aja amatiseka kuti kabichi wawo akuthera mwa ife. Koma m'nyumba zimenezo timamva zambiri zimene pa geti sitikanazimva: amene magetsi amuthera, amene wasiya mankhwala, amene sanalankhule ndi munthu sabata yonse.

Kwa achemwali a ku Ntcheu ndinkapita m'mawa ndi phala ndisanakwere takisi. Ndikafuna kumwa choimirira ankandikalipira kuti m'nyumba mwawo si pa renki. Katundu wawo ndinkabweza mmodzimmodzi, lero kapu, mawa supuni, ndikumati kwanga kwachepa malo. Masaya anayamba kubwerera. Anayambanso kudandaula kuti phala langa ndi la madzimadzi, ndipo ndinadziwa kuti munthu akuchira.

Ndiye tsiku lina ndinatsika moipa m'takisi, bondo n'kutupa. M'mawa mwake sindinathe ngakhale kufika pa geti. Mastende anati apititsa okha chakudyacho, koma anali pa changu cha ku ntchito. Atabwerera kudzatenga chikwama ndinawafunsa ngati anadya nawo.

"Eish! Ndangowapatsira pakhomo."

Tsiku limenelo ndinagona chagada ndikuyang'ana malata, mtima uli m'mwamba. Bakuli latsala kwa achemwali aja. Abweza chakudya osadya? Avula chiyani lero? Miyezi yonse ija ya phala, kodi tibwereranso pa chiyambi? Ndinakalipira bondo, ndinakalipira takisi, ndinakalipira ndi mastende omwe ali ku ntchito.

Dzuwa litapendeka ndinamva odi. Anali achemwali a ku Ntcheu, atayenda okha kukwera msewu wonse uja, atavala chitenje chabuluu chija, bakuli lili m'manja. Anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kufunsa za bondo, kenako n'kundiika bakuli pamiyendo. Linali lopepuka. Ndinachita mantha kulitsegula, poganiza kuti mwina ndi ndolo kapena chithunzi cha mwana wawo.

Munalibe kanthu. Linali lotsukidwa mbee, louma, lopanda ngakhale kamchere.

"Ndadya zonse," anatero, maso ali pansi. "Mankhwala ndamwa. Ndinayamba kufunafuna choikamo, kenako ndinadzifunsa kuti, kodi munthu amene ndadya naye m'mbale imodzi miyezi yonseyi, ndizimulipira? M'bale wanga?"

Ine wolongolola uja ndinakumbatira bakuli lopanda kanthulo n'kulira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi. Mphatso zonse zimene ndalandira ku Joni kuno, palibe yoposa imeneyo.

Iwo anandisiya ndilire. Kenako anaimirira, n'kutenga tsache kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kusesa m'chipinda changa.

"Mawa ndibwera kudzaphika ine," anatero. "Inu mchere mumachulutsa."