A Alfonsi Mbewe ndi Lamulo la Kudya

A Alfonsi Mbewe ankakonza njinga ku Nabvutika, pansi pa mthunzi wa malata pafupi ndi msika. Ndinakhala nawo moyandikana zaka zambiri. Pa njinga anali mmisiri wamba. Koma pa drafuti, ija timasewera ndi zotsekera mabotolo, panalibe wowagonjetsa. Pamthunzi paja panali mpando umodzi wotsamira, ndipo unali wa katswiri. Ena tonse tinkakhala pa njerwa. A Alfonsi analibe china chowapatsa ulemu koma mpando umenewo.

Drafuti yathu ili ndi lamulo lake. Mnzako akakuikira chodya, uyenera kudya. Ukanyalanyaza, amakulanda chako. Lamulo limeneli linawalowa m'manja a Alfonsi.

Tchesi anaiphunzira atakalamba, kwa mkamwini wawo Malcolm, mwamuna wa mwana wawo Leticia. Malcolm amajambula mavidiyo a tchesi n'kumawaika pa intaneti. Amakhazika wodziwa ndi wosadziwa pa bolodi imodzi, anthu n'kumaonera pa mafoni. Iye anawaphunzitsa apongozi ake kayendedwe ka kavalo, ka mfumu ndi ka mfumukazi. Sanawauze kuti mu tchesi munthu amatha kukana kudya.

Tsiku lina Malcolm anabwera pamthunzi, nagwada.

"Atate, Loweruka tikujambula katswiri ndi wophunzira. Ndati ndikupempheni."

"Wophunzirayo umuuze adye kaye," anatero a Alfonsi. "Sindifuna kugonjetsa wanjala."

Loweruka anavala jekete la kutchalitchi. Mnzawo wosewera naye anali Juliet, nesi, amene amapita kumipikisano ya tchesi ku Lusaka. A Alfonsi sankamudziwa. Anamufunsa ngati akufuna kuti iwo achotseko kavalo wawo mmodzi kuti amupepukitsire.

"Ayi, agogo, musavutike," anayankha Juliet.

Ndinalipo. Juliet anakankha kamsilikali, a Alfonsi anadya. Anaika kavalo, anadya. Kenako anaika mfumukazi yeniyeni pakamwa pawo. A Alfonsi anatembenukira ku kamera.

"Mwanayu mwamutenga kuti? Akugawa ngati pamaliro!"

Anadya. Juliet anasuntha chimodzi, nati mfumu yawo yafa. A Alfonsi anaifunafuna njira, njira panalibe. Anabwereza masewerawo katatu, ndipo katatu konse zinatha chimodzimodzi, iwo ataunjika zodya pambali. Malcolm ankaluma milomo kumbuyo kwa foni.

Vidiyo inatuluka Lolemba. Anaikamo kulira kwa mbuzi paliponse pamene dzanja la a Alfonsi likutola. Pofika Lachitatu, a kabaza ankadutsa pamthunzi akukuwa, "Idyani, madala!" Mayi wina wogulitsa tomato anawaikira mwala patsogolo, nati, "Nachonso ichi, musachisiye." Msika wonse unaseka.

Anapita kwa mkamwini wawo. Malcolm anagwadanso, maso pansi, manja pamodzi.

"Atate, ndingaichotse, koma anthu atumizirana kale. Njira ndi imodzi, mubwerenso muwaonetse kuti mwasintha."

Leticia anali pakhomo akuchapa. "Pitani, atate. Mwatchuka, mukulira chiyani?"

Apa m'pamene Malcolm anawauza kuti kudya sikokakamiza. A Alfonsi anabwerera ku kamera, koma tsopano ankaopa chilichonse. Juliet anasiya zinthu poyera, iwo osakhudza. Dzanja linkapita lokha, iwo n'kulibweza, kulikhalira. Anagonjabe, pang'onopang'ono. Vidiyo imeneyo anthu sanaikonde. Analemba kuti madala akale aja ndiwo anali bwino. Malcolm sanawaitanenso.

Mantha aja anawatsata mpaka ku drafuti. Tsiku lina ankasewera ndi Fulansisi, wowotcha chimanga, munthu amene sanawagonjetsepo chibadwire. Fulansisi anawaikira chodya. A Alfonsi anachiyang'ana nthawi yaitali, akuganiza kuti ndi msampha, nasuntha china.

"Simunadye, bwana," anatero Fulansisi, nawalanda.

Anawalanda kawiri, masewera n'kutha. Fulansisi anaimirira, napukuta manja pa thalauza.

"Ndiye mpandowo, akulu. Msana wanga wawawa zaka zonsezi."

Palibe amene anawalankhulirako. Lamulo la mpando analiika okha. Ananyamuka, ndipo wina anawakankhira njerwa ndi phazi. Sanakhalepo. Anatembenukira ku njinga ya munthu, kumamanga sipoko zomangamanga kale.

Mvula itayandikira anagulitsa zipangizo zawo, napita kumudzi kwawo ku Chipangali kukalima mtedza. Anati kumeneko anthu ali ndi ntchito, sataya nthawi ndi mafoni. Ndinakawaona chaka chatha. Aonda. Tinayenda limodzi kupita kuchigayo, ndipo tili m'njira amuna awiri pa ngolo ya ng'ombe anatipeza. Mmodzi anawayang'anitsitsa, nagunda mnzake ndi chigongono, natulutsa foni m'thumba.