Kamgolo ka Phingo ka a Raphael

A Raphael ndinkalima nawo moyandikana mu sikimu ya mpunga ku Bwanje, ndipo ndinene poyera kuti ulimi sunali wawo. Anzawo tikamaoka mbande, iwo nazale inali isanamere n'komwe. Mbalame za dambo lonse zinkadziwa munda wawo. Koma munthu yemweyu akagwira kilarineti, chitoliro chakuda cha mabatani onyezimira chija, ngakhale ine wouma mtimane ndinkaika khasu pansi.

Anaphunzira ali mnyamata pa mishoni ina kumapiri, kwa bulazala wachizungu amene anali ndi bandi ya malipenga. Bulazalayo atabwerera kwawo bandi inayamba kufooka, ng'oma inabooka, malipenga anachita dzimbiri. Matipate atabwera kunabweranso kiyibodi, ndipo anyamata onse anathamangira kumeneko. A Raphael anatsika kuchigwa ndi zinthu ziwiri zokha, chitolirocho ndi mkazi.

Mkaziyo anali mayi Edna, mwana wa alimi a kachewere a kumapiri komweko. Amuna awo ankawaitana ndi mfunda, anaNgozo. Abale awo ukwatiwo sanaufune. Mlongo wawo wamkulu, a Lazarus, ananena pamaso pa ankhoswe kuti munthu wa mluzu sadyetsa banja, ndipo zaka zonsezo sanapondeko ku Bwanje. Chondiwawa ine n'chakuti pa nkhani ya chakudyayo a Lazarus sananame.

Mtendere wa a Raphael unatha kwaya ya kutchalitchi kwathu, imene ankaimba nayo chitolirocho, itagula kiyibodi. Kale oimba ankatsatira chitoliro kulikonse kumene chapita. Kiyibodi siitsatira munthu. Tsono chitoliro chili ndi khalidwe lake: chikatenthedwa mawu ake amakwera, chikazizidwa amatsika. Kutentha kwa Bwanje mukukudziwa. Lamulungu lililonse a Raphael ankaimba pamwamba pang'ono pa kiyibodi, pang'ono pokha, koma pokwanira kuyabwa m'makutu. Atsikana a kwaya ankagwirana n'kumaseka.

Mankhwala ake ali pa kamgolo, kachidutswa kakafupi kolumikiza pakamwa ndi thunthu la chitoliro. Kakatalika mawu amatsika, kakafupika amakwera. A Raphael ankakakoka kuti katalikeko, n'kukulunga ulusi pampata. Anakoka, anakulunga, anakokanso, mpaka kamgoloko kanayamba kugwedera ndi kutaya mpweya.

Nthawi imeneyo n'kuti mayi Edna atayamba kudwala. Anapita kuzipatala, n'kubwerako ndi mapanado. Tsiku lina ndinakawazonda ndipo ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, amuna awo akuwakupiza ndi chikatoni.

“Bambo, ine ndikapita musandiike m'dambo muno iyayi,” anatero mayiwo. “Mukanditule kwathu. Ndiye mukandiimbire chitolirocho, alongo anga amveko chimene ndinatsatira kuno.”

“Musamayankhule zimenezo, anaNgozo.”

“Ndanena. Musakandichititse manyazi.”

Kuyambira tsiku limenelo a Raphael analibenso nkhani ina. Ankadziwa kuti kwawo kwa mayi nakonso kwaya ili ndi kiyibodi, ndipo sanafune kuti alamu awo akamve zoyabwa zija. Kamgolo katsopano kunalibe kokagula, ngakhale ku Blantyre anthu ankangowayang'ana. Anapalasa njinga mpaka ku Manjawira kwa a Silvester, mmisiri wosema timitondo ndi zoikapo makandulo, amene anali atasunga kachidutswa ka phingo, mtengo wakuda wolimba uja. A Silvester anavomera kusema kena. Koma kumapeto konse kuwiri kwa kamgolo kumakhala mphete yachitsulo yoteteza mtengo kuti usang'ambike, ndipo mphete zina kunalibe. Anaswa kakale kaja n'kuchotsa mphete zake.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. A Silvester anasema kotalika dala kuti azichepetsa pang'onopang'ono. A Raphael ankabwera nako kutchalitchi kwathu masana, malata akuthetheka, n'kuyesa ndi kiyibodi, n'kubwerera ku Manjawira kuti apaleko. Anayenda ulendo umenewo mpaka matayala a njinga anatha. Tsiku lina mawu awiriwo anangogwirizana ngati madzi a mumtsuko umodzi. Atsikana aja anasiya kuseka. A Raphael anati, “Basi, pomwepa. Asapalenso.”

Tonse tinaombera m'manja, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza. Ife a ku Bwanje timayesa dziko lonse n'lotentha. Koma a Raphael, munthu woti anaphunzirira kumapiri, anaiwala bwanji kuti kamgolo kakale kaja sikanali kolakwika? Kanali koyenera kumalo ozizira. Ndikakumbukira zimenezi ndimapsa mtima mpaka lero, ndipo sindidziwa kuti ndikupsera mtima ndani.

Mayi Edna anapirira dzinja lonse, anaona mpunga ukukololedwa, n'kutisiya mu Julaye. Tinakwera nawo kumapiri pa lole. Kumeneko kunali nkhungu yoti mnzako sumuona, ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ife a kuchigwa tinkanjenjemera m'malaya athu opyapyala, eni mudzi ali m'majekete ndi zipewa zaubweya.

M'mawa wa tsiku loika, kwaya ya kumeneko inkakonzekera kuseri kwa tchalitchi. A Lazarus anali atalola monyinyirika kuti alamu awo aimbe nawo nyimbo imodzi potulutsa bokosi. A Raphael analumikiza chitoliro, zala zitauma, n'kuuzira. Mawu anatuluka pansi pa kiyibodi, ndipo sanali pansi pang'ono. Anachiika m'khwapa, anachipumira mkati, anachiyandikiza pamoto wa adzukulu. Chinkakwerako, mphepo ikawomba n'kutsikanso. Anakankha kamgolo mpaka kumapeto, koma kanali katafika kale. Kakafupi umatha kukakoka. Kotalika ulibe pokakankhira.

Mkulu wa kwaya anali munthu waulemu. “Pepani bambo, tikudziwa kuti muli pa zovuta. Koma chonchi tisokoneza mwambo.”

A Raphael anandikokera pambali. Maso awo sanali a munthu woti n'kumuuza kanthu.

“Achimwene, ndipezereni sowo.”

“Sowo ya chiyani?”

“Ndidulako pang'ono basi. Kafupike.”

Ndinawakaniza, ndinawagwira ndi dzanja lomwe. Anandisiya n'kukabwereka okha kwa anyamata amene anakhoma bokosi. Anakhala pamwala, kamgolo pabondo, n'kuchekako kumapeto, mphete yomwe ija n'kugwera mu udzu. Atalumikiza anapeza kuti palibe chasintha, chifukwa thunthu la chitoliro limakagunda pa kakhoma kamkati, ndipo kakhomako sowo sinakakhudze. Anaganiza kuti mwina sichinalowe bwino. Anakankha ndi mphamvu zonse, uku akupotokola. Ndinamva kuti “the!” Phingo lopanda mphete linang'ambika kuchokera kumwamba mpaka pansi.

Misa inachitika, kiyibodi inalira bwino, bokosi linatuluka. A Raphael anayenda pambuyo pake atafumbata zidutswazo m'thumba la jekete yobwereka. Anali atazimanga ndi mphira wa njinga, koma onse awiri tinkadziwa kuti n'zachabe.

Kumanda kunali kotalikirapo, kukwera phiri, ndipo kiyibodi anaisiya kutchalitchi chifukwa batire yake inali yolemera. Bokosi litatsitsidwa, akatekisiti atamaliza pemphero, a Lazarus anaimirira. Ndinkayembekeza mawu olasa. Koma nkhalambayo inali italira mpaka mawu kusasa.

“Alamu,” anatero, “mlongo wangayu anatumiza uthenga asanatisiye. Akuti ine sindinamvepo chimene iye anatsatira. N'zoona, sindinamvepo, ndipo ndinalakwa. Kwaya yamaliza zake. Imbani nokha tsopano, timve.”

Nokha. Popanda kiyibodi, popanda woyerekeza naye. Chitoliro chikamalira chokha palibe amene angadziwe kuti chatsika. Kamgolo kaja kakanakhala kathunthu, kakanaimba bwinobwino pamenepo, ndipo phiri lonse likanamva.

Adzukulu anatsamira makasu awo. A Raphael anatulutsa chitolirocho, n'kulumikiza kamgolo komanga ndi mphira kaja, n'kuchiika pakamwa, n'kuuzira. Kunamveka mpweya wokha, fuu, ukuthawira pamng'alu. Anayesanso, kenaka chinalira kamodzi ngati nkhuku yopondedwa. Kumbuyo wina analephera kudzigwira, anaseka. A Lazarus anadikira ndithu, mutu uli pansi, kenaka anakodola adzukulu kuti ayambe kukwirira.

Tinabwerera ku Bwanje mawa lake. A Raphael sanapitenso ku Manjawira, ndipo kwaya anaisiya. Anakhala zaka zina zingapo akulima mpunga wa mbalame uja, osadandaula, osaseka. Ndinawafunsapo kamodzi ngati sangasemetse kena, poti mwina phingo likanapezeka.

“Ndikaimbire ndani, achimwene?” anandiyankha. “Amene ankafuna kuti alongo ake amve, alongo akewo anamva.”