Mwala wa nkhwangwa

Anandilanda zinthu ziwiri: dzina langa, ndi njira imene amayi anga ankadzera popita ku nkhuni. Dzinalo ndi Fabiyano. Njirayo ili m'nkhalango ya Chongoni, kuseri kwa mudzi wathu, ndipo lero yamera udzu.

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mwini malo ometera pa Chimbiya anandilipira kabichi. Ndinali nditamujambulira mitu ya anthu khoma lonse, ndi penti wogula ndekha. Sukulu ndinaisiyira Fomu 2 fizi itasowa, ndipo kujambula n'kokhako kumene ndinkadziwa. Ndinayang'ana kabichiyo n'kuona kuti ndikakhala kuno ndidzakalamba ndikudya mitu ya kabichi chifukwa cha mitu ya anthu. Amayi, aNambewe, anagulitsa mbatatesi zonse za kudimba, ndi zambewu zomwe, kuti ndikwere basi. "Ukakafika usakaiwale kumene wachokera," anatero. Sindinaiwale. Kusaiwalako n'kumene kunatipweteka.

Ku Kepitauni ndinayamba ndi kutsuka magalimoto. Ndinkagona m'kanyumba ka malata ndi anyamata ena a ku Mangochi amene ankacheza m'Chiyao, ine n'kumangoyang'ana denga. Masiku a mu pasipoti atatha ndinaphunzira kuyenda moyang'ana pansi. Ndalama ndinkatumiza pang'onopang'ono kudzera kwa oyendetsa katundu, ndipo mlongo wanga Melesiya ankandiyankha ndi mawu ojambula pa foni: feteleza wakwera, denga likudontha, amayi akuti uzipita ku Misa. Palibe anandifunsapo ngati ndadya.

Kenako ndinapeza ntchito yosesa panja pa nyumba ina ya maofesi. M'chipinda cham'mwamba munali azibambo awiri amene ankapanga gemu ya pa kompyuta. Mayina awo sinditchula, pakuti langa iwo sanatchule. Wina anali wandevu, wina wamagalasi. Wandevuyo anandipeza masana ndikujambula pa katoni ndi bolopeni. Anaima nthawi yaitali, kenako anati ndisiye tsache ndikwere naye.

Gemu yawo inali ya kamunthu koyenda cham'mbali, kolumpha miyala ndi kukankha zinthu. Pa gawo lililonse pankakhala chotchinga choti uyambe waganiza usanadutse. Ankafuna kuti chilichonse chikhale chojambula pamanja, inki papepala, ndipo wojambula wawo anali atawathawa. Anandipatsa tebulo pafupi ndi zenera. "Jambula kwanu," anatero wamagalasi. Ndinajambula Phiri la Dedza nkhungu italiphimba, mapaini oima m'mizere ngati asilikali, matanthwe a Chongoni, ndi mayi wotsimphina mwendo wamanzere atasenza mtolo wa nkhuni. Anandifunsa kuti mayiyo ndani, akupita kuti, amaopa chiyani. Chifikireni ku Joni palibe anali atandifunsa kanthu koposa "wamaliza?" Ndinatsegula pakamwa ngati mpopi.

Zimene ndinawauza ndi izi. M'nkhalango muja alonda amalola kutola nkhuni zouma zogwa zokha, koma nkhwangwa salola. Zouma zapafupi zinatha kalekale. Ndiye amayi a m'mudzi mwathu ankalowa chimanjamanja, ndi nsalu ndi chingwe basi, kudutsa pamaso pa mlonda n'kumupatsa moni. Akafika pa kamtsinje ankapatuka n'kutsata njira yawoyawo mpaka pa mwala waukulu wong'ambika pakati, wokhala ndi mkuyu pamwamba. Mumng'alumo ndimo munkagona nkhwangwa za mudzi wonse. Wina ankatsala pa chitunda kuti aziyang'ana. Akaona mlonda ankafuula ngati mayi woitana mwana: "Julitaaa! Bwera udye!" M'mudzi mwathu mulibe Julita, ndipo sanakhalemo. Ena akamva, nkhwangwa zinkabwerera mumwala, aliyense n'kuwerama kumatola timitengo. Agogo anga anachita zimenezi, amayi anga anazipeza, ndipo ngakhale amuna ambiri a m'mudzimo sankadziwa pamene pali mwalawo. Ine ndinadziwa chifukwa anandiberekera kumbuyo kumeneko.

Azibambo aja anadumpha ngati apeza ndalama m'thumba la buluku lakale. Anati limeneli ndiye gawo lachitatu. Wosewera azilowa wopanda kanthu, apeze mwala, adule, amve kuitana, abise, adutse. Ndinawauza kuti mwalawo ausinthe, mkuyu auchotse, dzina la Julita asaliike. "Tisintha, m'bale," anatero wandevu. "Izi n'zoyesera chabe." Pa foni panga panali mawu a amayi akuitana Julita, amene Melesiya anandijambulira tsiku lina nditamuuza kuti ndapukwa kumudzi. Amayi ankaseka kumapeto kwake. Anandipempha kuti awaike mongoyembekezera mpaka apeze munthu wina. Ndinawapatsa. Amene anayesa gemuyo isanatuluke anakonda gawolo kuposa ena onse, ndiye sanasinthe kanthu. Anangodula kusekako.

Itatuluka, ndinkakhala pa bedi langa la makatoni n'kumawerenga ndemanga za osewera ndi Chingerezi changa cha Fomu 2. Anthu a m'mayiko amene sindidzawaona ankaipatsa nyenyezi zisanu. Wina analemba kuti mzere uliwonse ukuonetsa dzanja la munthu. Wina anadandaula kuti kamunthuko kamalumpha molemera, ena n'kumuyankha kuti nawenso usenze mtolo uone. Ambiri ankakamba za gawo lachitatu. Ankati mawu a mayi uja akamveka tsitsi limanyamuka, ndipo wina anati amamva Julita ngakhale atazimitsa kompyuta. Ena anagwidwa ndi mlonda kambirimbiri n'kupsa mtima, choncho munthu wina wachifundo anajambula kanema woonetsa njira yonse: patuka pa kamtsinje, fika pa mwala wa mkuyu, nkhwangwa ili mumng'alu. Onse ankafunsa kuti azibambo awiriwa nzeru zotere anazitenga kuti.

Ndinadikira mayina a kumapeto. Munali mpaka dzina la galu wa wamagalasi, koma langa munalibe. Nditafunsa, wandevu anandigwira paphewa. "Dzina lako likaoneka, a boma afunsa za mapepala ako. Tikukuteteza." Malipiro omaliza anati abwera gemu ikagulidwa pa mafoni. Inagulidwa. Ine anandiuza kuti tebulo lija akulifuna.

Cha nthawi yomweyo mauthenga a Melesiya anayamba kufupika. Za feteleza anasiya. Ndikafunsa za amayi ankati ali bwino, n'kuzimitsa. Tsiku lina anatumiza mawu amene ndinawamvera kamodzi kokha: "Achimwene, mwatichita chiyani?" Ndinagulitsa jekete ndi nsapato, ndinakwera basi yodzera ku Mozambiki.

Ndinatsika pa Chimbiya masana, mphepo ya Juni ikuluma makutu. Amayi ogulitsa tomato anathamangira minibasi, ine sanandione. Pa kashopu kotchajira mafoni, pamene anyamata amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu, ndinamva mawu amene ndinkawadziwa. "Julitaaa! Bwera udye!" Amayi anga, m'foni yosweka galasi. Anyamata anali ataunjikana, akukuwa.

"Bisa, iwe! Bisa! Wagwidwa, chitsiru!"

"Foni yako ndi imene ikuchedwa, ayise."

"Foni yanji? Agogo ako amabisa msanga kuposa iwe."

Gemuyo palibe anaigula. Ankangopatsana, ndipo ankaitcha gemu ya kwathu. Ankanyadira kuti azungu adziwa Dedza.

Wa kabaza wa njinga yamoto amene ananditenga anali Pasikali, mnzanga wa ku pulayimale. Anandiyang'ana, anayang'ana kachikwama kanga, sanafunse za Joni. Tili m'njira anayankhula osatembenuka.

"Mlonda wina wachinyamata ankasewera gemu ija pa foni yake. Anafika pa mwala uja n'kunena kuti mkuyu uwu ndikuudziwa. Anapita ndi anzake m'mawa, anabisala. Julita ataitanidwa, iwo anangotuluka n'kupita pa mng'alu."

"Nkhwangwa?"

"Zonse. Amayi onse aja anawayendetsa mpaka ku ofesi atasenza mitolo yawo, anthu akuonerera. Kuti atuluke ena anagulitsa mbuzi." Anazemba dzenje. "Ndipo mawu aja aliyense anawazindikira, Fabi. Mwendo wa amayi ako uja nawonso."

Ananditsitsira pa mlatho, kutali ndi nyumba. Anati mafuta achepa. Tanki ndinkaiona, inali ndi mafuta.

Ndinalowa m'mudzi wapansi. Anthu anali pa makonde, koma moni ankayankha ndi mutu. Mwana wina atanditchula dzina, mayi ake anamutseka pakamwa ndi dzanja. Kwathu ndinapeza Melesiya akuphika ndi zitsononkho ndi mapesi, utsi uli tolo. Amayi anandilandira, anandifunsa za ulendo monga amafunsira mlendo wa ku tchalitchi. Ndinayamba kufotokoza za azibambo aja, kuti anandilonjeza, kuti ngakhale dzina langa sanaliike. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Wamva njala," anatero, n'kulowa m'nyumba. Melesiya anandinong'oneza kuti kwa miyezi ingapo amayi anzawo ankawasiya popita ku nkhuni, ku Misa benchi yawo inkakhala yopanda munthu, ndipo aNajere, amene amatsogolera gululo, anawauza pamaso kuti mwana wanu watigulitsa ndi mawu anu omwe. Posachedwapa ndi pamene anawalolanso. Nditafunsa kuti anawalola bwanji, Melesiya anauzira moto.

M'mawa mwake ndinadzuka amayi atapita kale. Ndinaganiza zowatsatira kuti ndikawasenzere mtolo, anthu aone. Nkhungu inali isanachoke. Ndinadutsa pa kamtsinje, njira yakale ili zii, ndipo ndinamva kugogoda kwa nkhwangwa chakumtunda, mbali ina. Ndikukwera, mawu anang'amba nkhalango.

"Fabiyanooo! Bwera udye!"

Anali amayi anga. Chichokereni palibe anandiitanapo choncho. Ndinavomera mokweza, "Wawa!" n'kuyamba kuthamangira kumene kunachokera mawuwo, ndikuthyola nthambi, ndikuvomerabe. Kugogoda kuja kunali kutasiya. Nditatulukira poyera ndinapeza amayi ambiri atawerama, akutola timitengo, nkhwangwa palibe. Onse anandiyang'ana ndi maso amene sindikufuna kuwaonanso. Kumbuyo kwanga kunamveka nsapato. Mlonda anali atatsata phokoso langa mpaka pamalo pawo patsopano. Anaima, anayang'ana zitsa zoyera zongodulidwa kumene, anayang'ana matanthwe ozungulira limodzilimodzi. Sanapeze kanthu tsiku limenelo. Koma anamwetulira, ndipo pochoka anathyola kanthambi n'kukasiya pa mphambano.

ANajere analavula pansi. "Kawiri," anatero.

Pobwerera amayi anakana kuti ndiwasenzere. Ndinkayenda pambuyo pawo, ndikuona mwendo uja umene anthu a kutali anaupatsa nyenyezi zisanu. Ndinawafunsa kuti dzina langa analisankha ndani kuti lilowe m'malo mwa Julita.

"Ndine," anatero osaima. "ANajere anati ndikafuna kubwerera m'gulu ndibweretse dzina lina. Julita unamugulitsa. Pankafunika mwana wina amene kulibe."

"Koma ine ndabwera, amayi."

Anaima, anakonza nkhata pamutu, anandiyang'ana koyamba chifikireni changa.

"Ndiye ukamakhala kuno, ukalimva usamayankhe."

Ndikukhala kuno. Ndimalima kudimba, ndimajambula zikwangwani pa Chimbiya akandipatsa. Amayi aja anasamukiranso malo ena, ndipo sindikudziwa kuti. Sindifunsa. Masiku ena ndili ndi khasu m'manja dzina langa limatsika kuchokera m'phiri, m'mawu a amayi anga, ndipo ana a m'mudzi amasiya kusewera n'kuyang'ana kunkhalango, osati kwa ine. Ndimawerama n'kupitiriza kulima. Ku Kepitauni akuti azibambo aja akupanga gemu yachiwiri, ndipo osewera akupempha kuti mayi wa Julita abwerenso.

Malipiro omaliza aja adye, ndawasiyira. Ngongole imene ali nayo kwa ine ndi dzina limodzi loti ndikaitanidwa ndizivomera.