Mng'ono wanga anakana kuthira mchere

Ikafika nyengo ya zisankho ndimangotseka wailesi. Amuna akuluakulu amakangana za kuchotsa mimba, uyu akuti lamulo lilole, uyo akuti ndi tchimo, onsewo akufuna voti yanga. Ha! Alipo mwa iwo amene anachapapo nsalu ya magazi kudambo, madzi ozizira akuluma zala? Ine ndinachapa. Inali ya mng'ono wanga, chaka chomaliza cha ulamuliro wa Apwitikizi, kwathu kufupi ndi Domwe.

Tinabadwa awiri okha. Ine ndinakwatiwa msanga, amuna anga namanga pamudzi pathu pomwepo, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi mwana wongoyamba kudya phala ndi msuzi. Mng'ono wangayo ndiye anali wa mutu. Anaphunzira kumishoni, ansembe namutenga kuti aziphunzitsa tiana pasikola ya mudzi woyandikana nafe. Anthu ankamuitana kuti apulofesola. Ine ndinkamuseka kuti ndi Chipwitikizi chake chonsecho, akafika pakhomo amasenda kachewere ngati ife tomwe.

Panali mnyamata amene anamufunsira. Asanakaonekere kwa amalume, Apwitikizi anamulemba usilikali, galimoto n'kumutenga kupita kumunsi ku Tete. Sanabwerenso, ngakhale mawu sanatumize. Anasiya mimba.

Lamulo la kumishoni tonse tinkalidziwa: mphunzitsi wosakwatiwa akaima, ntchito yathera pomwepo. La boma nalo tinkalidziwa: wochotsa mimba amadzamangidwa ndi asipayi, apolisi a Apwitikizi, pamodzi ndi amene wamuthandiza. Mng'ono wanga sanandiuze kanthu. Loweruka lina anati akukaona mnzake kutsidya kwa dambo, nabwera dzuwa litapendeka, akuyenda pang'onopang'ono atagwira chiuno. Anati wangotopa ndi ulendo.

Chinamuulula ndi mchere. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amatuma wina. Amene wapita padera kapena wachotsa mimba ndiye amakhala wotentha koposa, ndipo kwa nthawi yaitali. Akathira mchere amadula ana a pakhomo: mwana amatupa masaya ndi miyendo, kutsokomola, n'kufa. Ndiwo mdulo umenewo. Ansembe ankati nzachikunja. Lamulungu tinkavomera, Lolemba n'kumasunga mwambo wathu.

Mng'ono wanga ndiye ankaphika akaweruka kusikola. Masiku oyamba ankangoti, "Akulu, tandithirireniko mchere," ine n'kuthira osaganiza kanthu. Sabata inatha, ina n'kulowa, iye akunditumabe. Tsiku lina amayi anaika pansi lichero la nyemba namuyang'ana.

"Mwezi wako iwe ngotani, wosatha?"

Mng'ono wanga anangosonkhezera moto umene unali kuyaka kale.

M'mawa mwake ndinapeza nsalu atazibisa kunsi kwa nkhokwe. Fungo lake lokha linandiuza kuti si mwezi. Nditamupanikiza anandifotokozera zonse, osalira, ngati akuwerengera ana buku: mayi wina wa kutsidya, kamtengo ka chinangwa, n'kumuuza kuti zikayera zokha. Ndinamugwira pamphumi, moto weniweni. Ndinati tiye kuchipatala kuvila, kutauni kuja.

"Akulu, kumeneko amayamba n'kufunsa, kuchiritsa pambuyo. Mukufuna ndikachoke pabedi kupita kundende?"

Ku Malawi kunali pafupi, mapiri ake tinkawaona tili pakhonde. Koma kuoloka kunkafuna giya, chilolezo cha kuposito, ofesi ya boma, ndipo popempha giya umayenera kutchula chifukwa. Wooloka mozemba asilikali ankati akupititsa chakudya kwa ankhondo a kutchire, omenyana ndi Apwitikizi. Ndiye tinangokhala. Ine ndi amayi tinkamuthowa ndi madzi otentha, kumumwetsa zitsamba, n'kumauza anthu kuti apulofesola ali ndi malungo. Nsalu ndinkachapa kudambo anthu asanadzuke. Sindikumbukira kuti ndinkamva chisoni. Ndinkangomva zala kuuma.

Koma pakamwa pa anthu sipatsekeka. Kuchitsime zinayamba kumveka kuti malungo ake ngachilendo, oletsa munthu kugwira mchere. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, akazi a akatekisita anati atiperekeza kuti adzamuzonde. Kuzonda kwanji! Maso awo anali kuyendayenda pachingwe choyanikira zovala. Mawu awo ndiwo ankafika kwa ansembe, ndipo tonse tinkadziwa.

Amayi analowa m'nyumba, ine ndili pambuyo pawo, namudzutsa mng'ono wanga pamphasa.

"Mwananga, tuluka ukathire mchere aone. Kamodzi kokha. Ukathira, pakamwa pawo patsekeka, ntchito yako ikhala."

"Nanga mwana wa akulu?"

"Kamodzi kokha, ndati."

Anadzuka, namanga kapulana yake, chitenje chakutchalitchi, natuluka akugwira khoma. Anapereka moni kwa mlendoyo mogwada bwinobwino, nakhala pafupi ndi mafuwa. Nyemba zinali kuwira. Amayi anamupatsa chikho cha mchere, nanena mokweza, "Thira, alendo adye."

Ine ndinali pamkeka, mwana ali pamiyendo, akudikira msuzi wa nyemba zomwezo. Ndinkafuna athire. Ndinkafunanso asathire.

Anatapa mchere m'dzanja. Anayang'ana mphika, nayang'ana mwana wanga, amene anali kutafuna chingwe cha kolona wanga. Kenaka anabwezera mcherewo m'chikho, napukuta dzanja pakapulana mpaka kambewu komaliza.

"Akulu, thirani ndinu. Mwanayu adya nawo."

Akazi a akatekisita anangoti, "Ooo." Anakonza mpango kumutu, natsazika kuti anasiya mbuzi zosamanga. Sanadikire chakudya. Amayi anakhala pansi pomwe anaima. Ine ndinathira mchere, ndinadyetsa mwana, ndinatsuka mbale.

Lolemba kunabwera uthenga wakuti apulofesola asavutike kupita kusikola, apeza wina. Tinayamba kudikira asipayi. Galu akauwa, amayi ankatuluka kukasuzumira kunjira. Sanabwere. Tinadzamva pambuyo pake kuti masiku amenewo Apwitikizi a kuposito anali kale pakalikiliki womanga katundu wawo, nkhani ya mtsikana wa kumudzi analibe nayo ntchito. Anthu amene tinawaopa mpaka kumusunga m'nyumba akuola, sankadziwa n'komwe kuti alipo.

Chinsinsi chitatha, panalibenso chotiletsa. Amuna anga anabwereka ngolo, tinayala udzu ndi bulangete, tinamugoneka mutu uli pamiyendo panga, ulendo wa kuvila. Kunali mphepo ya mwezi wozizira, ija yodula milomo. Poyamba ankayankhula, kundifunsa ngati ana ake a kusikola awapezeradi mphunzitsi. Kenaka anasiya. Tisanafike pamsewu waukulu ndinamva mutu wake walemera mwa mtundu wina. Ndinauza amuna anga kuti tembenuzani ng'ombe. Anandiyang'ana, natembenuza. Njira yonse yobwerera ndinkayang'ana chilonda cha pakhosi pa ng'ombe yakumanzere ndi ntchentche zimene zinkaterapo. Misozi sinabwere, ngakhale pamaliro. Tinamuika popanda nyimbo za mpingo.

Patapita miyezi ankhondo a kutchire anatulukira poyera, ufulu uli pafupi. Anaitanitsa msonkhano pabwalo la sikola yomwe ija. Mnyamata wa yunifomu, wamng'ono kwa ine, anakwera patebulo natiuza kuti tsopano mkazi ndi kamalada, mnzawo wa amuna pankhondo, wamasulidwa, aziyankhula pagulu. Anati amayi anene chilichonse chimene chinawapweteka m'nthawi ya atsamunda. Wina anatchula chibalo chimene chinatenga amuna ake. Wina anaonetsa manja amene anatupa ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera lija. Aliyense akatha, tinkakweza chibakera n'kufuula viva.

Ndinangoona amayi anga akweza dzanja, iwo amene sanayankhulepo pamaso pa amuna chibadwire. Mnyamatayo anati, "Amayi apo, imirirani." Anaimirira, nakonza nsalu m'chiuno. Kutsogolo kunakhala akazi a akatekisita, atavala mpango watsopano, chifukwa anali atasankhidwa kale kutsogolera amayi a m'mudzi. Amayi anga anatsegula pakamwa. "Mwana wanga," anatero. Anabwerezanso, "Mwana wanga." Bwalo lonse linadikira. Palibe china chinatuluka.

Mnyamatayo anayang'ana anzake, kenaka anakweza chibakera. "Viva amayi amene anataya ana awo pankhondo!" Anthu onse anayankha viva, naomba m'manja kwa nthawi yaitali. Amayi anakhala pansi. Ndinaona kuti nanenso chibakera changa chili m'mwamba, ndipo ndinachitsitsa anzanga atatsitsa.