Sellah ndi Mtembo Umene Unadzikanda

Inu amene mwapinda manja chifukwa anthu anakusekani, tamvani za Sellah.

Sellah anali wothyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo, koma mtima wake unali pa kujambula mafilimu oopsa. Filimu yake yoyamba, yojambula pa foni yobwereka, anaionetsa m'nyumba ya vidiyo ya a Leonard ku Luchenza. Magazi anali a tomato. Ndiye munthu amene ankayenera kukhala mtembo, linthumbu litamulowa m'buluku, anayamba kudzikanda. Anthu anaseka mpaka kugwa pa mabenchi. Sellah, mwana wa eni ake, analira njira yonse.

A Leonard, bambo a mtima wabwino ngakhale pakamwa pawo ndi poyabwa, anati amupatsa mwayi umodzi wokha. Ikadzasekedwanso, asadzapondenso pakhomo pawo ndi filimu. Kenako anamubwereka chimbale cha katswiri wina wa ku Spain wodziwika ndi mafilimu oimitsa tsitsi.

"Chilankhulocho sumva, nanenso sindimva," anatero a Leonard. "Iwe ungoona mmene mkuluyu amabisira zinthu."

Sellah anaonera mobwerezabwereza. Anazindikira kuti wakuphayo saoneka n'komwe. Chimaoneka ndi chitseko chotseguka pang'ono, basi. Mantha munthu amadzipangira yekha.

Nyumba zazikulu ngati za mufilimumo kwawo kunalibe, koma kunali chiperoni, chifunga chija chimakuta minda ya tiyi m'nyengo yozizira. Anzake akamadandaula, iye ankajambula: dengu logwa pakati pa mizere, patapata imodzi, mayi akuitana mnzake osayankhidwa. Anatero miyezi itatu, m'mawa asanayambe kuthyola, zala zitauma gwa.

Tsiku loonetsa anthu anadzaza, ambiri atabwerera kudzaseka. Koma m'nyumbamo munangoti zii. Mayi wina anafinya dzanja la bambo wosamudziwa mpaka filimu kutha. A Leonard anakhosomola n'kufunsa kuti ina ituluka liti.

Lolemba lake kapitawo wa pa esiteti paja, atakwinya nkhope, anamupeza Sellah.

"Waona zimene wachita? Azimayi onse akukana kulowa m'munda, akuti adikira chifunga chichoke."

Sellah anapepesa mwaulemu, koma mumtima ankavina. Lero mafilimu ake amafika mpaka ku Limbe, ndipo kapitawo yemweyo akupempha kuti adzaonekemo.

Ndiye inu musamati kwanu kulibe kanthu. Ngati chifunga chenichenicho chinatukula munthu, inu mwasowa chiyani? Dzukani muyambirenso, mtima usagwe.